Dona Rozina Akwera Phiri pa Machila

Pa Thambani mukafunsa nyumba ya a Rozina, anthu amangoyang'anana. Mukati nyumba ya Dona, ngakhale mwana wa ku nazale akulozerani: kuseri kwa chigayo, ya malata a dzimbiri, pakhonde pali mpando wa nsungwi umene sakhalapo munthu wina. Amenewo ndi apongozi anga, amayi ake a Melvin amuna anga, ndipo ndi amene anafuna kunditengera mwana wanga Tiyamike kukamusiya ku Tete ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu akamva nkhani ya machila amaseka mpaka misozi. Asekedi, n'zoseketsa. Koma ine tsiku limenelo sindinaseke.

Kubadwa anabadwira kwa Nthache, m'banja la ootcha makala. Izi okha sanena. Ndinazimva kwa mayi wina wogulitsa tomato pa msika amene ankatunga nawo madzi ali ana, ndipo amati Rozina wa nthawi imeneyo anali ndi ming'alu kumapazi yoti mutha kubisamo njere ya chimanga. Akadali wamng'ono amayi awo anawapereka kwa mayi wina wa ku Tete amene ankabwera kudzagula mtedza, ati akakulire m'nyumba ya anthu. Anakhala kumeneko mpaka nkhondo ya ku Mozambiki itafika povuta, n'kubwerera pamodzi ndi othawa nkhondo. Ena anabwera ndi mapoto, ena ndi mbuzi. Iwo anabwera ndi ambulera yoyera, nsapato za gogoda zokulunga m'chitenje, ndi dzina latsopano.

Iwo amati Dona si dzina lotola panjira. Amati ndi ulemu umene mfumu ya Apwitikizi inkapereka kwa akazi amene inawagawira dziko m'mbali mwa Zambezi, ndipo agogo a agogo awo anali mmodzi wa iwo, wa minda yoti munthu sangaizungulire ndi miyendo, ndi asilikali akeake. Mbali ina ya zimenezi si bodza. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 3, ndipo aphunzitsi a Hisitole anatiuza za minda imeneyi, maprazo, kuti yambiri inalidi m'manja mwa akazi otchedwa madona, mayi akamwalira n'kusiyira mwana wake wamkazi. Anatiuzanso kuti asilikali awo, Achikunda, anali akapolo, ndiponso kuti madonawo poyenda ankanyamulidwa pa machila. Chimene aphunzitsi sanatiuze n'chakuti mdzukulu wa anthu amenewa adzapezeka pa Thambani akugulitsa kachasu kuseri kwa chigayo.

Mawu akuti dona kuno timawadziwa tonse. Wantchito wa m'nyumba amati adona kwa mkazi wa abwana ake. Mtsikana akakana kumunda amake amamufunsa ngati wasanduka dona. Mavenda a kaunjika amaitana mayi aliyense wovala wigi kuti adona, bola agule. Apongozi zimenezi zimawanyansa. Amati amenewo ndi madona a pakamwa, iwo ndi a m'magazi. Magazi ake amenewo sindidziwa kuti analowera pati, pakuti achimwene awo mpaka lero akukankha njinga ya makala kwa Nthache.

Atakhazikika pa Thambani anakwatiwa ndi kalipentala wina wofatsa amene anawapangira mpando uja, n'kumwalira msanga, ena amati chifukwa chotopa. Anabereka ana aamuna okhaokha. Anawo atakwatira sanapite chikamwini monga achitira anzawo. Akazi awo tonse tinatengedwa chitengwa kudzakhala pakhomo pa Dona, pakuti Dona sasenza ndowa pamutu, sagwira khasu, sapuliza moto, ndipo kachasu amene amawadyetsa sadzitcheza yekha. Ankatiitana kuti makiriyada. Ndinkaganiza kuti ndi mawu otanthauza akazi a ana awo, mpaka dalaivala wina wa ku Zobue, atamwa kapu ziwiri, anandiuza akuseka kuti ndi antchito a m'nyumba.

Malamulo a udona wawo ndi ambiri, ndipo amabadwa tsiku ndi tsiku malinga ndi ntchito imene yaoneka. Dona sayamba kupereka moni. Mungathe kuimirira pamaso pawo mpaka miyendo kuchita dzanzi, iwo angokuyang'anani ngati akuyang'ana chipupa, mpaka munene kuti mwadzuka bwanji Dona. Pa maliro, azimayi onse ali pamphasa, iwo amatumiza mpando wawo utsogole. Dzuwa lisawaone kumaso, ati khungu lingade, chonsecho ndi akuda kuposa ine. Koma lamulo lalikulu ndi la phazi. Phazi la Dona siliponda fumbi la msewu. Kuchokera pakhomo pawo kufika kutchalitchi ndi pafupi moti nkhuku imapita n'kubwerako isanaiwale chimene yapitira, koma iwo amaitanitsa kabaza. Wakabaza wawo ndi a Sungani, bambo wachikulire wa pa siteji, amene amaimika njinga mogunda khonde kuti Dona achoke pa simenti n'kukhala pa keliyala. Ali panjinga amadandaula kuti dziko linatha. Agogo awo ankanyamulidwa ndi amuna anayi pa machila a nsalu yofiira, iwo akukwera chitsulo chimene dzulo chinanyamula nkhumba.

A Melvin anapita ku Joni Tiyamike akukwawa. Ndinatsala ine, mwana, ndi mbiya za kachasu. Pa adzukulu onse a pakhomopo wamkazi anali Tiyamike yekha, ndipo zaka zoyambazo agogo ake sankamuona n'komwe. Sanamuberekepo kumsana, pakuti Dona sabereka mwana. Koma atangogweka dzino loyamba, maso awo anatembenukira kwa iye. Anayamba kumuitanira pakhonde. Anamuletsa kunena kuti agogo, azinena kuti Dona. Anamugulira diresi loyera la kaunjika ndi mafuta odzola, n'kuuza aliyense wobwera kudzamwa kuti udona umayenda mwa akazi, ndipo popeza Mulungu anawamana mwana wamkazi, dzina lidzagwera pa kameneka.

Poyamba ndinakondwa, ndisaname. Ndi mayi uti amene sakondwa mwana wake akavala diresi? Koma ine ndi munthu woyang'ana. Ndikamatsuka mabotolo kuseri ndinkasuzumira pakona kuona zimene akuphunzitsana. Mwana ankaphunzitsidwa kugwira thireyi ndi manja awiri, kugwada osagwetsa kapu, kutuluka chobwerera m'mbuyo, kukupiza agogo ake ndi katoni mkono ukatopa n'kusintha wina osalankhula. Tsiku lina ndinamupeza akuwasambitsa mapazi m'beseni. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti mwanayu sakuphunzira kukhala pampando. Akuphunzira kuima pambali pa mpando.

Pamkono wa apongozi pali chipsera chooneka ngati mutu wa simbi. Sachibisa, amachinyadira. Amati apa m'pamene Dona Ernestina, mwini nyumba imene anakuliramo ku Tete, anawaphunzitsa kusita kolala, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanapsererezenso chovala. Amanena zimenezi ngati munthu akuonetsa satifiketi. Za machila a agogo awo amazinena tsiku ndi tsiku, koma amene anawaonadi ndi maso ali pampando wapamwamba ndi Dona Ernestina ameneyo, iwo ali chiimire pambali ndi thireyi.

Itayandikira Khirisimasi anandiitana pakhonde. Ndinagwada, ndinapereka moni, anandiuza nkhaniyo ngati akundiuza kuti mchere watha. Mwana wa Dona Ernestina akadali moyo ku Tete, wakalamba, ndipo watumiza mawu kuti akufuna kamtsikana ka m'nyumba. Tiyamike apita chaka chikangolowa, adzamutenga ndi dalaivala uja wa ku Zobue. Akaphunzira Chipwitikizi, kudya ndi foloko, ndi khalidwe. Akadzabwera adzakhala Dona weniweni.

Ndinafunsa kuti nanga sukulu, popeza anali atayamba kale Sitandade 1.

“Sukulu inakupatsa chiyani iwe?” anatero. “Fomu filii yonseyo, si uyu ukutsuka mabotolo anga?”

Ndinafunsa kuti adzabwera liti. Anati iwo anapita ali ngati yemweyu ndipo anabwera, nanga anafa? Ndinaimbira a Melvin. Anandimvetsera pang'ono, kumbuyo kukumveka mashini, n'kunena kuti amayi amadziwa zimene akuchita, Tete ndi tawuni, ndisamachite zinthu ngati munthu wa kumudzi. Anati tikambirana bwino akapeza mayunitsi. Sanaimbenso.

Masabata amenewo sindinkadya. Lole iliyonse ikaima pa chigayo ndinkathamanga kukaona kumene kuli mwana. Mwana akapita kuseri ndinkaimirira pakhomo pa chimbudzi. Ndinaona apongozi akupinda diresi loyera lija n'kuliika m'jumbo pamodzi ndi mapatapata atsopano, jumboyo n'kuibisa pansi pa bedi lawo. Tsiku la msika m'mawa ndinawauza kuti mwana akutsokomola ndikupita naye kuchipatala. Ndinadutsa chipatalacho osayang'ana, ndinakwera pikapu, pamene msewu unathera ndinamubereka mwana wamkulumkulu ameneyo kumsana n'kuwoloka naye mtsinje, kukwera phiri mpaka kwathu kwa Kanduku.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Zimenezo ngakhale Dona amazidziwa. Mwini mbumba wathu ndi amalume a Jailosi, ndipo mwana sangachoke popanda mawu awo. Mukanati ndiye nkhani yatha, koma simuwadziwa amalume. Ndi munthu woweta mbuzi, wolankhula pang'ono, amene sadziwa kukana mlendo. Anagulitsapo tonde wawo wabwino kwa munthu amene sanafune kumugulitsa, chifukwa choti munthuyo analankhula nthawi yaitali ndipo anachokera kutali. Chitengwa changa anavomera ndi iwo omwe, apongozi atangowatchula mwaulemu wa Chipwitikizi kuti Sinyoro Jailosi. Nditawafotokozera zonse ndikulira, anayang'ana mbuzi zawo n'kunena kuti chabwino, eni ake akabwera tidzamva. Sanalonjeze kanthu. Ndinadziwa kuti Dona akadzakhala pansi n'kuyamba za Zambezi ndi mafoloko, amalume adzayamba kugwedeza mutu.

Poyamba Dona sanabwere iwo eni, pakuti Dona sapita kwa munthu, amatuma. Anatuma a Sungani ndi mawu akuti kiriyada abweze mwana. Amalume anawapatsa a Sungani chimanga chootcha n'kuwauza kuti nkhani ya mbumba sakambirana ndi wakabaza. Sanali kukana, iwo amangotsata dongosolo. Koma mawu amenewo anakakamiza Dona kuchita chimene sanachitepo, kubwera kumudzi kwathu.

Mudzi wathu uli pamwamba, ndipo nthawi ya dzinja njinga imathera pa mtsinje. Kuchokera pamenepo ndi miyala, matope ndi chimanga mbali zonse. Munthu akadwala kwambiri timamunyamula pa machila a mudzi, mitengo iwiri ndi masaka osokerera, kutsika naye mpaka kutsidya kumene apeze njinga. Ndiye pali chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amachidziwa popanda kuuzidwa. Machila akamatsika ndi munthu, ndi matenda. Wochira amabwera ndi miyendo yake, ngakhale mopumirapumira, ngakhale atagwiriridwa mbali zonse. Machila akamakwera munthu ali chigonere, ndi maliro.

Sabata imeneyo a Flossie, oyandikana nyumba ndi amayi anga, anali atatsitsidwa pa machila kupita kuchipatala cha pa Thambani, chifuwa chitawatseka. Anachoka osalankhula, ndipo ambiri amene anawaona sankayembekeza zabwino. Mwana wawo Betty sanathe kuwaperekeza chifukwa anali m'chikuta, khanda lake mchombo usanagwe. Foni kwathu imagwira pa chulu chimodzi chokha, ndipo mvula ikagwa ngakhale chulucho chimakana. Choncho mudzi wonse unkangoyang'ana kunjira. Machilawo amuna anawasiya pa nyumba ya pa doko, atawayedzamiritsa kukhoma kuti aume.

Zimene zinachitika pa mtsinje anandiuza ndi a Sungani pambuyo pake. Anafika ndi Dona cham'mawa dzuwa litakwera, n'kuwauza kuti njinga yathera pano. Dona anayang'ana madzi, anayang'ana phiri, anayang'ana nsapato zawo za gogoda, zomwe zija za ku Tete zimene osoka nsapato pa Thambani azikhoma misomali mpaka kutopa. Kenako anaona machila kukhoma. A Sungani akuti nkhope yawo inawala ngati mwana waona sikono. Moyo wawo wonse akhala akunena za machila, osawakwerapo. Pa doko panali anyamata anayi a makala ochokera kwa Nthache, odikira ganyu yowolotsa katundu, osadziwa za mudzi wathu. Dona anawaitana ndi chala. A Sungani anawachenjeza kuti machila a kuno sakwera phiri ndi munthu wamoyo. Dona anayankha kuti miyambo ya anthu a m'mapiri imamanga anthu a m'mapiri.

Kukhala tsonga pa masaka kunakanika, munthu umangomira pakati. Anagona chagada. Ambulera inkakodwa m'chimanga, ndiye anaipinda n'kuigoneka pambali pawo, n'kudzifunditsa nsalu yoyera kuyambira kumutu kuti dzuwa lisawaone. Anapinda manja pachifuwa, monga akuti agogo awo ankachitira.

Ine ndinali pa mwala umene ndinkakhalapo tsiku lililonse kuyang'ana njira, Tiyamike akusewera pambali panga. Nditaona machila akutulukira m'chimanga ndinati a Flossie atisiya. Koma atakhota ndinaona gogoda ziwiri zitatulukira kumapazi, ndi a Sungani akutsatira m'mbuyo atagwira mutu. Ndinadziwa kuti ndi Dona. Ndinamukoka mwana n'kuthamangira naye m'khitchini ya amayi, kumukhazika kuseri kwa nkhuni, n'kumuuza kuti akangotsokomola ndimutsina. Khitchiniyo ndi ya mapesi, ndipo ndinaika diso pa mpata.

Oyamba kuona anali azimayi a pa mjigo. Ndowa zinagwa. Mmodzi anayamba kulira, mnzake analandira, ndipo posakhalitsa phiri lonse linali mayo, mayo. Wina anathamangira kutchalitchi kukaimba belu lathu, limene ndi limu ya galimoto yopachika pa mtengo. Amuna anasiya makasu m'munda. Anyamata onyamula aja, pomva kulira, anaganiza kuti afika m'mudzi mmene mwagwa zovuta, ndiye anavula zipewa n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, mitu pansi, mwaulemu. Zinangokhala ngati zenizeni. A Sungani anayesa kukuwa kuti ayi, si zimenezo, koma ndani amamva wakabaza azimayi akulira?

Nanga mwini wake pansi pa nsalu? Akumva belu, akumva mawu a azimayi akuthamangira kwa iwo, anangoti ndi mmene amalandirira Dona. Anagona duu, osagwedezeka, kusunga ulemu.

Azimayi anawatsogolera anyamatawo pakhomo pa a Flossie, n'kuyala mphasa. Betty anatuluka m'chikuta, munthu woti sanayenere kuponda panja, khanda atalisiya pa bedi, n'kudzigwetsa pa machilawo akuitana amake. Anagwira nsalu n'kuivundukula. Dona anatsegula maso, n'kumuyang'ana Betty ngati akuyang'ana chipupa, kudikira moni.

Sindinaonepo anthu akubalalika choncho. Mayi wina wonenepa analumpha mpanda wa khola. Betty anangokhala pansi pakamwa pali yasa, mpaka azimayi anamunyamula kumulowetsa m'nyumba. Belu linapitiriza kulira kanthawi, chifukwa woimbayo sanauzidwe. Ndiye mantha atatha panabwera mkwiyo. Kwathu kumulira munthu ali moyo ndi malodza, n'chimodzimodzi kumuitanira manda, ndipo a Flossie anali gone kuchipatala pakati pa moyo ndi imfa. Wina anati mlendoyu alipe mbuzi. Wina anati mbuzi ichita chiyani, mayi akafa afa ndi iyeyu.

Dona anadzuka, anakonza duku, n'kufunsa mpando. Palibe anasuntha. Mphasa inalipo, yomwe ija anayalira mtembo, koma Dona sakhala pamphasa. Anaimirira pa bwalo, gogoda zikumira m'matope pang'onopang'ono, ambulera atatambasula, n'kufunsa kuti Sinyoro Jailosi ali kuti. Amalume anabwera, chingwe cha mbuzi chili m'manja, n'kupereka moni monga mwa khalidwe lawo. Ndinamukokera Tiyamike pafupi.

Analankhula nthawi yaitali. Za Zambezi, za mfumu ya Apwitikizi, za dzina limene limayenda mwa akazi ndipo latsala pang'ono kufera mwa iwo. Anati mwanayu kuno adzakwatiwa ndi woweta mbuzi, pamene ku Tete akagona m'nyumba ya magetsi. Anati bambo ake a mwana avomereza kale. Ndinaona mutu wa amalume ukuyamba kugwedezeka, monga unachitira tsiku la tonde. Ndinamugwira Tiyamike pakamwa ndi dzanja limodzi, lina ndikupapasa mapesi a kumbuyo kuona ngati munthu angabowole n'kutulukira kumunda.

“Ine ndinapita ndili ngati yemweyo,” anatero Dona pomaliza. “Ndiyang'aneni. Ndinafa?”

“Ife ndiye takulirani kale,” anayankha mayi wina kumbuyo.

Ena anaseka, koma amalume sanaseke. Anayang'ana machila ali pansi, anayang'ana chitseko cha a Flossie kumene kunkamveka Betty akusisima ndi khanda likulira. Anakulunga chingwe chija pa dzanja, n'kuchimasula.

“Mayi, zimene mwanenazi mwina n'zoona, ine ku Tete sindinafikeko,” anatero. “Mukanabwera ndi miyendo tikanakhala pansi. Koma mwalowa m'mudzi muno ngati mtembo, mwamuliritsa mwana maliro a amake ali moyo. Ndiye lero lomwe ndikupatseni mdzukulu wanga, atuluke m'mudzi motsatira machila amenewa? Ndidzawauza chiyani anthuwa?”

Dona anati abweranso tsiku lina. Amalume anati tsiku lililonse limene angabwere, anthu a kuno adzaona munthu uja anabwera atafunda nsalu yoyera, ndipo palibe mayi angalole mwana wa m'mudzi muno kumutsatira. Anati mwana akhala kwawo, aphunzira sukulu ya pansi pa phiri, ndipo a Melvin akafuna kulankhulapo abwere okha, ndi miyendo. M'moyo wanga wonse sindinamvepo amalume akunena mawu ambiri chotero.

Dona anatembenukira kwa anyamata aja kuti awanyamule. Anyamatawo anali atamva zonse, ndipo mmodzi anali akudzipukuta mapewa ndi udzu ngati wagwira chonyansa. Anati iwo ganyu yawo ndi makala. Machilawo azimayi anali atawakoka kale, ati asagwiridwenso mpaka akuluakulu a mpingo atawapempherera. A Sungani anati njinga ili kutsidya, ndipo msana wawo ndi wa ana awo.

Ndinatuluka m'khitchini Dona atafika kumapeto kwa bwalo, ndinakwera pa mwala wanga. Anayesa kutsika ndi gogoda, imodzi inatsalira m'matope. Kenako anavula inayo, anazula inzake, n'kuzigwira kudzanja limodzi, ambulera kwina. Munthu wina aliyense akanazimanga m'chitenje n'kusenza pamutu kuti manja agwire miyala, koma Dona sasenza. Chimene ndinaona n'chakuti phazi lawo likuidziwa njira. Ankaponda pa mwala woyenera, kulambalala poterera, zala zitagwira dothi, kutsika mofulumira kuposa a Sungani. Anali mapazi a mtsikana wa kwa Nthache, wotunga madzi kutsidya. Pa mtsinje anakwinya diresi n'kuwoloka osayang'ana m'mbuyo.

A Flossie anachira. Anabwera ndi miyendo yawo, atagwiriridwa ndi adzukulu, ndipo atamva kuti analiridwa anangofunsa kuti analira kwambiri ndani, ndi amene sanalire. Betty mpaka lero dzina la Dona safuna kulimva. A Melvin anatumiza voisi yaitali pa foni yoti ndawachititsa manyazi amayi awo, ndipo kuyambira pamenepo sanatumizenso ngakhale sopo. Katundu wanga adakali pa Thambani, mapoto ndi bulangete, sindinapite kukatenga. Ndikulima ndi amayi, ndikugwira maganyu, mwana ali Sitandade 2.

Pa Thambani nkhaniyo Dona amaifotokoza mwina. Amauza akumwa kachasu kuti kwa Kanduku anakwera pa machila a amuna anayi, anawaimbira belu, ndipo azimayi anadzigwetsa kumapazi awo akulira. Mwanayo akuti anamusiya okha, ataona kuti magazi a kuchikazi anamuwononga.

Ine zimenezo sizindikhudza, anene. Komabe Tiyamike ndimamuperekeza kusukulu mpaka pa chipata, n'kukamudikira poweruka, ndipo aphunzitsi ndinawauza kuti asamupereke kwa munthu aliyense, ngakhale atanena kuti ndi agogo ake. Nthawi zina ndikamutuma madzi amabwera atagwira kapu ndi manja awiri, n'kugwada, n'kuchoka chobwerera m'mbuyo. Ndimamukalipira kuti atembenuke aziyenda ngati munthu.

A Sungani anadutsa kuno sabata yatha kudzagula mbuzi kwa amalume. Akuti mkazi wa alamu anga aang'ono ndi woyembekezera, ndipo Dona amuletsa kutsuka mabotolo, akumugulira mafuta odzola, akumamufunsa ngati mwanayo akugunda kumanzere kapena kumanja, kuti adziwe ngati ndi wamkazi. Jumbo ija ya diresi loyera akuti idakali pansi pa bedi. Ndawapempha a Sungani kuti akamuuze mtsikanayo kuseri kuti kwawo kwa amake kusamatalike.